Maseva Awiri, Wodziwa Mmodzi

Tadala ndi Madalitso, anzanu akakufunsani kuti bambo anu ankagwira ntchito yanji ku Joni, ndimamva mumangoti, "Ya makompyuta." Simunama ayi, koma mawu amenewo amabisa zambiri. Tsopano poti ndinapuma ndipo mutu ukadakumbukira, ndaganiza zolemba za zaka zanga za ku Pretoria, makamaka chifukwa muli zina m'menemo zimene sindinakuuzenipo pakamwa.

1997

Ndinafika ku Pretoria mu Ogasiti 1997 ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndisanapite ndinagwira zaka zisanu ndi chimodzi m'chipinda cha makompyuta cha kampani ina ku Blantyre, ndipo bwana wanga wakale, atabwerera kwawo ku Joni, ndi amene ananditchula kwa anzake amene ankafuna munthu. Inu ndi amayi anu munatsala kaye ku Ndirande. Miyezi yoyamba ndinkagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ina ku Laudium, limodzi ndi a Yusufu, telala wa ku Mangochi amene tinadziwana m'basi. Ndi iwo amene anandiphunzitsa zizindikiro za zala poimitsa matekisi a kumeneko, ine nditakhala kale masiku awiri ndikukwera olakwika.

Kampani imene inandilemba inali labu yoyeza magazi a odwala. Dzina lake ndilisiya. Zipatala ndi madokotala a m'tauni ankatumiza timabotolo tawo, a mu labu n'kuyeza, zotsatira n'kulowa mu kompyuta imodzi yaikulu, ndipo kuchokera m'menemo zinkayenda pa mawaya a telefoni n'kukatuluka pa printa ya m'wodi momwe wodwalayo wagona. Kompyuta yaikulu yotere, imene ena onse amadalira, ndi imene timati seva. Bwana wanga anali a Venter, mzungu wachibunu wamtali, wosachedwa kupsa mtima koma wosasunga chakukhosi. Tsiku loyamba ananditengera m'kachipinda kozizira n'kugogoda chitsulo cha seva ija ndi chala. "Phiri," anatero, "ichi chikaima, dokotala amene ali ndi mwana wodwala m'manja amayamba kupereka mankhwala mongoganizira. Ntchito yako ndi yoti chisaime."

Chinaima mu Novembala, Lolemba m'mawa, labu itadzaza ndi timabotolo ta kumathero a sabata. Disiki, momwe zonse zimasungidwa, inalira ngati mpando wokwekwesa pa simenti, basi kenako zii. Disiki yapadera tinali nayo imodzi. Zonse za mu seva tinkazikopera pa tepi tsiku lililonse poweruka, ndiye ine ndinalibe mantha kwenikweni, mpaka pamene ndinalowetsa tepi ya Lachisanu n'kuona kuti ikukana kuwerengeka. Inali itajambula theka lokha, ndipo panalibe amene anayesapo kuiwerenga. Tinabwerera ku ya Lachinayi. Ntchitoyo inatenga maola asanu ndi anayi, ndipo nthawi yonseyo amayi a mu labu ankawerengera madokotala zotsatira pa telefoni, nambala imodziimodzi. Dokotala wina anaimba mpaka m'chipinda chathu, sindikudziwa anaipeza bwanji nambala. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mundiuze zoona, ndidikire kapena nditumize magazi kwina?" Ndinamuuza kuti atumize kwina. Kuyambira sabata imeneyo, Lachisanu lililonse ndinkatenga tepi imodzi mwachisawawa n'kuiwerenga yonse pa makina ena, chifukwa ndinali nditaona ndekha kuti tepi imene sunaiyese ndi chikhulupiriro chabe.

1999

Mudzamva akuluakulu akuseka za mantha amene analipo oti makompyuta adzasokonezeka polowa chaka cha 2000. Ife mantha amenewo anatithandiza, chifukwa eni kampani, amene zaka ziwiri ankakana, anavomera kugula seva yachiwiri. Nzeru yake inali yosavuta. Maseva awiri amaima moyandikana, imodzi ikugwira ntchito, inayo ikungomvetsera. Pakati pawo pamakhala kachingwe kamene tinkakatcha ka kugunda kwa mtima, ndipo pa kachingweko yogwira ntchito ija imauza inzake sekondi iliyonse kuti ndili moyo. Mawu amenewo akasiya kumveka, yodikira ija imatenga ntchito yonse, ndipo wa mu labu amangoona ngati kompyuta yake yaphethira.

Amene anabwera kudzalumikiza atapita, ine ndinagwada kuseri kwa makinawo n'kuyamba kutsatira chingwe chilichonse ndi dzanja. Ndinapeza kuti maseva onse awiri akumwa magetsi pa waya mmodzi, ndipo onse akudutsira pa bokosi limodzi la netiweki. Ndinaitana a Venter. "Bwana, tagula ziwiri koma tili nayo imodzi. Bokosi ili likapsa, zonse ziwiri zakhala chete." Anagwada nawo, mawondo akulira, n'kuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatukwana m'chilankhulo chawo. Zinatitengera pafupifupi chaka kuti tipeze bokosi lachiwiri, waya wina wa magetsi ndi mabatire osiyana, chifukwa zipangizo zina zinkachokera kunja ndipo zinkachedwa masabata. Chizolowezi chimenecho chinandikhala: pa chilichonse ndinkadzifunsa kuti, ichi chokha chikafa, chifa nacho n'chiyani? Apa n'kuti inu mutabwera kale, tikukhala ku Pretoria North, Tadala atayamba sukulu.

2002

Vuto limene linandipatsa dzina pa kampani ija linabwera masana Lachitatu lina. Amisiri okonza makina oziziritsa chipinda anakoka chingwe china kudenga osadziwa kuti akoka ka kugunda kwa mtima kaja. Maseva onse awiri anali bwinobwino, koma sankamvana. Iliyonse inaganiza kuti inzake yafa, ndiye iliyonse inadziyesa mwini ntchito. Mbali ina ya labu inkalemba mu seva yoyamba, mbali ina mu yachiwiri, ndipo onse awiri ankapereka manambala ofanana kwa timabotolo ta anthu osiyana. Panalibe belu limene linalira, chifukwa kwa makinawo panalibe chimene chinawonongeka.

Amene anatipulumutsa anali mayi Pillay, mkulu wa mu labu, amene anali ndi chizolowezi chowerenga pepala lililonse asanalilole kutuluka. Analowa m'chipinda chathu atanyamula pepala m'mwamba. "A Phiri, mundifotokozere," anatero, "bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri uyu watenga bwanji pakati?" A Venter anaseka, koma kusekako kunathera panjira. Ngati zotsatira za mimba zapita kwa nkhalamba, ndiye kuti gulu la magazi la munthu wina likhoza kukhala litapita kwa wina amene akudikira kuthiridwa magazi. Ndinathamanga n'kuzimitsa seva yachiwiri ndi dzanja, mayi Pillay n'kuyamba kuimbira mawodi kuti pepala lililonse la ola limenelo aling'ambe. Chisokonezocho chinatenga mphindi makumi anayi, koma kuchikonza kunatitengera masiku atatu, tikufananitsa botolo lililonse ndi pepala lake. Palibe wodwala amene anavulala. Zimenezo ndimazinena mpaka lero ndi mtima wothokoza, osati wonyada, chifukwa sikunali kuchenjera kwanga.

Pambuyo pake ndinakhala miyezi iwiri ndikukonza kuti zisadzachitikenso. Ndinaika njira ziwiri za kugunda kwa mtima, zodutsa mosiyana, ina kudenga ina pansi. Ndinaikanso kamakina kachitatu kokhala ngati mboni: maseva akasiya kumvana, aliyense amafunsa mboniyo, ndipo amene mboni sinamuyankhe amadzizimitsa yekha. Ndinaphunzira kuti pa ntchito ngati yathu, seva yoima ndi yabwino kuposa seva yonama. Zonsezi ndinazilumikiza ndi timapulogalamu timene ndinalemba ndekha. Zinagwira bwino kwambiri. Koma panalibe pamene ndinalemba momwe zinkagwirira, ndipo panalibe amene anandifunsa.

2004

Chaka chimenechi tinatsegula chipinda chachiwiri cha maseva ku nthambi yathu ya ku Pretoria North, kuti ngakhale nyumba yonse ya m'tauni itapsa, labu isaime. Chilichonse cholembedwa m'tauni chinkakopedwa kumeneko pakangopita masekondi ochepa. Mawaya a mkuwa olumikiza malo awiriwa ankabedwa pafupipafupi, mwina kawiri pa mwezi umodzi, mpaka tinakweza mlongoti wa wailesi padenga kuti ukhale njira yachiwiri.

Ndi chaka chomwecho pamene a Venter analemba Refilwe, mayi wa ku Soshanguve amene anali atagwirapo kale zaka zinayi kwina. Ankanditcha Ntate Phiri, kutanthauza bambo Phiri m'chilankhulo chawo. Anali wamaso akuthwa, ndipo sabata yake yachiwiri anandifunsa kuti, "Ntate, mboni ija ikafa nthawi imodzi ndi chingwe, chimachitika n'chiyani?" Linali funso labwino kuposa onse amene ndinafunsidwapo pa kampani ija. Ndinamuyankha kuti tidzakambirana tsiku lina, n'kumutuma kukaona printa ya ku chipatala china.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, chifukwa si zokoma kulemba. Chilolezo changa chogwirira ntchito m'dziko lija chinkafunika kuchiwonjezera nthawi ndi nthawi, ndipo nthawi iliyonse kampani inkalemba kalata yonena kuti ntchito ya munthu uyu palibe nzika imene ingaigwire. Kalata imeneyo ndinkaiwerenga a Venter asanaitumize, ndipo ndinkadziwa kuti nyumba yathu, sukulu yanu ndi zonse zinaima pa chiganizo chimodzi chimenecho. Ndinkaona Amalawi anzathu a kutchalitchi, ogwira ntchito za m'minda ndi za m'nyumba ku Montana, dera lina la Pretoria, momwe ankayendera mwamantha mapepala akatha. Ndiye ndinasunga zimene ndinkadziwa m'mutu mwanga. Sindinanamize Refilwe ngakhale tsiku limodzi, koma zaka ziwiri ndinkamupatsa ntchito ya maprinta ndi mawaya, ndipo akafunsa za maseva ndinkakhala wotanganidwa. Tchuthi changa sichinkapitirira masiku anayi, ndipo sindinkapita kutali kuposa pamene ndikanabwerako pa ola limodzi. Ndinkadziuza kuti kumeneko ndiko kukhulupirika pa ntchito.

2006

Mu Juni achimwene anga a Bizwick anaimba kuchokera ku Ntcheu. "Mayi sali bwino. Akana chakudya masiku atatu tsopano. Ngati n'kotheka bwera." Nthawi imeneyo tinali pakati posamutsira zonse ku maseva atsopano, ntchito imene inali itatsala masabata awiri. Ndinapita kwa a Venter. Ndikufuna mudziwe kuti sanandikanize. Anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "Pita, Phiri, mayi ndi mmodzi. Ungondiuza kuti zikavuta ndiimbire ndani." Woti amuimbire anali ine ndekha. Kumudzi kwathu nthawi imeneyo foni inkagwira pachulu chimodzi chokha. Ndinawauza kuti ndimalize kaye gawo lovuta, ndi masiku ochepa chabe. Ndinaimbira achimwene kuti awatengere mayi kuchipatala, ine ndikubwera.

Masiku ochepawo anakhala asanu ndi anayi. Ndinakwera basi Lachisanu, tinadutsa Beitbridge, tinadutsa Zimbabwe yense, ndipo Loweruka masana, tili pamzere wodinditsa mapasipoti kumalire a Mozambique, foni inalira. Anali amayi anu. Sanathe n'kulankhula komwe, ndinangomva kulira kwawo n'kudziwa. Ndinadinditsa pasipoti ija ngati wina aliyense, n'kubwerera pampando wanga. Mayi wina wa ku Machinga amene ndinakhala naye anandipatsa madzi, osandifunsa kanthu.

Maliro anandidikira. Titachoka kumanda, achimwene ananditengera kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi anthu. Sanandidzudzule. Anangoti, "Masiku awiri omaliza ankafunsa chinthu chimodzi. Akamva galimoto kumsewu ankati, kodi si basi ya ku Joni imeneyo?" Ndinakhala kumudzi masiku anayi okha, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti ngakhale pa masiku amenewo ndinkakwera pachulu chija kawiri pa tsiku kuona ngati a ku ntchito aimba.

Nditabwerera ku Pretoria, a Yusufu ndi anzathu a kutchalitchi anabwera kudzapepesa, ndipo aliyense ankati mabwana a kuno alibe chisoni. Ine ndinkangogwedeza mutu. Alendo atapita, amayi anu akutsuka makapu, analankhula osatembenuka. "Abambo a Tadala, musalole anthu aziwanena a Venter. Sanakumangeni iwo. Munadzimanga nokha." Ndinawakumbutsa za kalata ija, kuti ndikaphunzitsa wina, kalatayo yatha, ndipo tikhoza kupakira katundu ana ali pakati pa sukulu. Anatseka mpope n'kundiyang'ana. "Ndiye tidzapakira. Kwathu kulibe anthu? Kulibe masukulu? Koma ine sindikufuna tsiku lina ndidzagone m'chipatala ndikufunsa ngati galimoto imene yaima panja ndi yanu."

Ndinalimbana nazo masabata atatu. Chimene chinandimaliza si mawu a amayi anu okha. Tsiku lina ndili mu tekisi, dalaivala anatsala pang'ono kulowa pansi pa lole pa msewu wotsika phiri wolowera m'tauni. Titapulumuka, anthu akukuwa, ine ndinaganiza za labu. Zaka zisanu ndi zinayi ndinakhala ndikusaka chinthu chilichonse chimene chikafa chokha chingaimitse ntchito, n'kuchiikira chinzake. Chimodzi chokha ndinachisiya dala, ndipo tsiku limenelo chinatsala pang'ono kuphwanyika mu tekisi.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya a Venter n'kuwauza kuti ndikufuna kulemba zonse m'buku, kuphunzitsa Refilwe, komanso kuti miyezi itatu iliyonse tizizimitsa dala maseva a m'tauni Loweruka m'mawa, kuti tione ngati a ku Pretoria North akutengadi ntchito, ine ndisakugwira kanthu. Anandifunsa kuti, "Ukudziwa kuti ukatero, kalata ija sindidzatha kuilembanso momwe ndimailembera? Sindinama pa pepala la boma." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Ndinayenera kukukakamiza zimenezi kalekale. Ndinkaopa kuti ukhumudwa n'kuchoka."

2007

Refilwe sanandithokoze, ndipo sindinayembekezere kuti atero. Nditamuuza, anapinda manja n'kunena kuti, "Eish, Ntate. Zaka ziwiri ndikusintha inki. Mumaganiza kuti sindinkaona?" Ndinamuuza chifukwa chake, zonse, mpaka za kalata. Anakoka mpando. "Chabwino. Tiyambire pa funso langa lija la mboni."

Bukulo linatitengera miyezi isanu ndi iwiri. Ine ndinkalemba, iye ankatsatira zimene ndalemba ngati munthu wosadziwa kanthu, ndipo paliponse pamene waima tinkadziwa kuti pali chinthu chimene chatsalira m'mutu mwanga. Zinalipo zambiri. Mawu achinsinsi ena ndinkawadziwa ndekha. Kapulogalamu kena kofunika kanali pa kompyuta yanga ya pa desiki basi. Loweruka loyamba loyesera, a Venter anandikhazika pampando pakona n'kundilamula kuti manja akhale m'thumba, pakamwa patsekedwe. Ntchito imene ine ndinkaichita mphindi zisanu inatenga mphindi makumi asanu. Ndinatuluka thukuta m'chipinda chozizira chija kuposa tsiku la disiki. Ulendo wachiwiri zinatenga mphindi khumi ndi ziwiri. Wachitatu ndinapezeka ndikuwerenga nyuzipepala.

Mtengo wake ndinalipira, musaganize kuti zinangotha bwino. Kalata imene a Venter analemba chaka chimenecho inali yoona koma yofooka, ndipo miyezi isanu tinakhala osadziwa ngati tikhala kapena tipita. Madalitso ukumbukira kuti makatoni anali m'khonde nthawi yonseyo, ndipo tinkakuuza kuti ndi a zinthu zakale. Chilolezo chinatuluka, cha nthawi yofupika kuposa kale, ndipo mapepala okhazikika ndinadzawapeza patapita zaka zina ziwiri. Patapita zaka, a Venter atapuma, udindo wawo anapatsa Refilwe, osati ine. Zinandiwawa miyezi ingapo. Ndinagwira pansi pake mpaka pamene ndinachoka pa kampani ija, ndipo anali bwana wabwino.

2008

Kumayambiriro kwa chaka chimenechi magetsi ankazima mosinthanasinthana m'dziko lonse lija, dera lino maola angapo, dera lina maola angapo. Jenereta yathu ya m'tauni, imene kale inkalira kamodzi pa mwezi poiyesa, inayamba kugwira ntchito pafupifupi tsiku lililonse, ndipo dizilo ankasowa chifukwa aliyense ankamufuna. Inali nthawi yoipa kwambiri yoti munthu wa ntchito yanga achoke. Koma achimwene anali atakonza zomanga chiliza cha mayi mu Epulo, mvula ikangotha, ndipo ndinapempha masabata atatu. Kanali koyamba kupempha tchuthi chotalika chotero. Refilwe ndi amene anandiperekeza mpaka pakhomo la ofesi. "Tsamayang sentle, Ntate," anatero, kutanthauza kuti muyende bwino. "Foni muisiye m'chikwama."

Tinapita tonse anayi. Ndinanyamula njerwa, ndinasakaniza simenti ndi achimwene, ndinakhala pansi ndi alongo anga kumva momwe mayi anadwalira, zimene ulendo woyamba sindinafune kumva. Palibe amene anaimba. Sabata yachiwiri ndinayamba kuganiza kuti mwina magetsi asiya kuzima.

Nditabwerera Lolemba, ndinapeza makina achilendo obwereka ataima panja pamalo pa jenereta yathu. Ndinakwera masitepe awiriawiri. Refilwe anali pa desiki yake akudya chipwete, ndipo anandifotokozera modekha ngati akunena za nyengo. Lachinayi la sabata yanga yoyamba, cha m'ma leveni koloko m'mawa, magetsi anazima, jenereta inalira mphindi zochepa n'kufa pampu yake ya dizilo. Mabatire anagwira kwa kanthawi, koma makina oziziritsa sanali pa mabatire, chipinda chinatentha, ndipo maseva a m'tauni anazima okha asanawazimitse mwadongosolo. Anasamutsira zonse ku Pretoria North. Labu inaima mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi. Madokotala ambiri sanadziwe n'komwe.

"Bwanji simunandiimbire?" ndinafunsa.

"Kuti mudzatani, Ntate? Munali ku Malawi." Anapukuta manja n'kutsitsa buku lija pashelefu. "Koma pali china. Tsamba ili munalakwitsa."

Linali tsamba la zochita maseva akafa mwadzidzidzi, limene poyesera sitinalifikepo, chifukwa Loweruka lililonse loyesera tinkawazimitsa bwinobwino. Ndinali nditalemba kuti atsegule njira za kuzipatala kaye, kenako aone ngati zotsatira zomaliza zinafika zonse ku Pretoria North. Zinayenera kukhala mosemphana. Akanatsatira momwe ndinalembera, madokotala akanalandira mapepala osakwanira ooneka ngati athunthu. Ine ndikanakhalapo, manja anga akanachita zolondola mwa chizolowezi, ndipo sindikanadziwa kuti bukulo likunama.

"A Venter anali kumbuyo kwangaku," anatero Refilwe, "akukuwa kuti nditsatire buku la Phiri, mafoni akulira paliponse. Ndinawauza kuti Phiri walakwitsa. Ndinasunga njira zotseka mphindi zina zisanu ndi imodzi mpaka mayi Pillay atatsimikiza timabotolo tomaliza. Tinapeza khumi ndi tinayi tosakwanira."

Ndinawerenga tsambalo kawiri. Anali atadula mizere yanga iwiri ndi cholembera chofiira, n'kulemba yake pambali, ndi tsiku lake. Lamulo limene ndinaika ndekha linali loti chilichonse chosinthidwa m'bukumo asayinire anthu awiri, ndipo malo a munthu wachiwiri anali akadali opanda kanthu.

"Ndinakusungirani," anatero, akundipatsa cholembera.

Ndinasayina pansi pa dzina lake.